Woyamba Kumwa: Kodi N'cilungamo Kuyesela Mankhwala pa Munthu Amene Ali Pafupi Kufa?

Pali mawu amene dokotala wa khansa safuna kukamba, ndipo wodwala safuna kumva: "Zonse zimene tili nazo tayesa." Kemo yalephela. Opaleshoni siingathekenso cifukwa matenda afika ku ciwindi ndi ku mafupa. M'zipatala zikulu-zikulu za ku America, Europe ndi Asia, nthawi zina dokotala amawonjezela mawu ena: "Koma pali mankhwala atsopano. Alibe dzina, ali ndi nambala cabe. Pa makoswe anagwila nchito. Pa munthu sitidziwa. Kodi mungalole kukhala mmodzi wa oyamba kumwa?"

Nkhaniyi ioneka ya kutali, koma ili pakhomo pathu. Mankhwala alionse amene odwala amalandila ku Cancer Diseases Hospital mu Lusaka, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 2007, anayamba alowa m'thupi la munthu wina amene anavomela kumwa cinthu cosadziwika. Conco funso n'lathu tonse: kodi n'cilungamo kupempha zimenezi kwa munthu amene masiku ake ali owelengeka? Ine ndiona kuti n'cilungamo, malinga ngati zinthu ziwili zacitika. Wodwalayo auzidwe zoona za cimene akupeleka, ndipo ife olandila tibweze ngongole yake.

Mankhwala olunjika

Kemo imapha maselo onse amene amaculukana mofulumila, a khansa ndi abwino omwe. Ndiye cifukwa cake tsitsi limathothoka, m'kamwa mumatuluka zilonda, magazi amacepa. Zili ngati kutentha munda wonse pofuna kupha kaufiti. Mankhwala olunjika amafuna kuzula kaufiti yekhayo, cimanga n'kutsala.

Kuti zimenezi zitheke, asayansi ayenela kupeza pamene selo linalakwika. Mu 1960 ku Philadelphia, Peter Nowell ndi David Hungerford anaona kuti odwala khansa ya m'magazi yochedwa CML ali ndi chromosome imodzi yaifupi modabwitsa. Mu 1973, Janet Rowley anapeza cifukwa cake: chromosome ya nambala 9 ndi ya nambala 22 zimasinthana tizidutswa. Pamene tizidutswato talumikizana pamapangika puloteni imene ili ngati swichi yokana kuzima, youza selo kuti liculukane usana ndi usiku. Mu 1998 ku Portland, dokotala Brian Druker anayamba kupatsa odwala piritsi la kampani ya Novartis lokhala ndi nambala STI571, lopangidwa kuti lizime swichi imeneyo. Pa odwala 54 amene analandila mlingo wa mamiligalamu 300 kapena kuposa, 53 magazi awo anabwelela mwakale. Mu 2001 piritsilo linavomelezedwa, ndipo lelo timalidziwa kuti imatinib. Matenda amene anali kupha munthu m'zaka zocepa anasanduka matenda amene ambili amakhala nawo mpaka kukalamba.

Kucokela nthawi imeneyo, ofufuza anayamba kuona khansa mwanjila ina. Cofunika kwambili tsopano ndi swichi imene yaonongeka, kuposa ciwalo cimene khansayo yamela. Puloteni ya ALK inapezeka mu 1994 mu mtundu wina wa lymphoma, khansa ya maselo oteteza thupi imene kambili imayamba ngati mwanabele wosapola m'khosi kapena m'khwapa. Mu 2007 asayansi a ku Japan anapeza vuto la ALK lomweli mwa ena odwala khansa ya m'mapapo. Mankhwala amodzi, crizotinib, anathandiza magulu onse awili: anavomelezedwa ku America pa khansa ya m'mapapo mu 2011, ndipo pa lymphoma ya ana ndi acinyamata mu 2021. Ici ndiye cifukwa cake mayeso a masiku ano amasonkhanitsa m'cipinda cimodzi odwala khansa zosiyana-siyana zofika patali pamodzi ndi odwala lymphoma.

Cimene gawo loyamba limafuna

Nkhani ya imatinib imakoma kuimva, koma ingatisoceletse. Mankhwala atsopano amayesedwa m'magawo atatu, ndipo gawo loyamba silinapangidwe kuti licilitse aliyense. Funso lake n'lakuti: thupi la munthu lingapilile mlingo waukulu bwanji? Njila imene yagwilitsidwa nchito kwa zaka zambili ndi iyi. Odwala atatu amapatsidwa mlingo wocepa kwambili. Ngati palibe amene wavulala, atatu ena amapatsidwa wokwelelapo. Mmodzi akadwala kwambili, amawonjezela atatu ena pa mlingo womwewo. Amakwela conco mpaka afike pamene thupi layamba kukana.

Taganizilani tanthauzo lake. Atatu oyamba amalandila mlingo umene mwina sungakhudze n'komwe cotupa. Otsiliza amalandila mlingo umene ungawavulaze, cifukwa malile sadziwika mpaka wina atawapitilila. Mu 2005, magazini ya New England Journal of Medicine inafalitsa kafukufuku wa mayeso 460 a gawo loyamba amene anacitika kuyambila 1991 mpaka 2002, okhudza odwala khansa pafupi-fupi 12,000. Wodwala mmodzi mwa 10 alionse ndiye cotupa cake cinacepa. Mmodzi mwa 200 anafa cifukwa ca mankhwala oyesedwawo. Mankhwala olunjika akweza mwayi umenewu, maka-maka ngati odwala asankhidwa malinga ndi swichi yawo yoonongeka, koma ambili mwa mankhwala amene amalowa m'gawo loyamba safika pa shelefu ya famase.

Ngoziyo si yongopeka. Mu March 2006, pa cipatala ca Northwick Park ku London, amuna 6 athanzi analandila mankhwala ochedwa TGN1412, amene anali kuyembekezeka kuthandiza pa khansa ina ya m'magazi ndi nyamakazi. Mlingo wake unali wocepa nthawi 500 poyelekeza ndi umene anyani anapilila. Pasanathe tsiku onse anali m'cipinda ca odwala mwakayakaya, ziwalo zawo zikusiya kugwila nchito. Anapulumuka, koma mmodzi anataya zala. Onse anabayidwa motsatizana, patangopita mphindi zocepa pakati pawo, ndipo kucokela pamenepo malamulo anakhwimitsidwa kuti woyamba azionedwa coyamba asanapatse waciwili.

Otsutsa ali ndi mfundo

Amene amatsutsa mayeso otele amati: munthu amene wauzidwa kuti watsala ndi miyezi yocepa angakane bwanji? Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko, ndipo sakhala ndi nthawi yofunsa ngati kunja kuli fisi. Mum'patse fomu ya masamba 20, adzasaina. Mumuuze kuti mwayi ndi umodzi mwa 10, mumtima adzati mmodziyo ndine. Mu 1982 dokotala wa matenda a maganizo, Paul Appelbaum, ndi anzake anafotokoza vuto limeneli: odwala ambili amene ali m'kafukufuku amakhulupilila kuti ciliconse cimene akucitidwa casankhidwa kaamba ka ubwino wawo, pamene zoona zake mlingo, masiku ndi kupimidwa magazi zinalembedwa kale kuti ziyankhe funso la sayansi.

Cisokonezoci n'cosavuta kumvetsa. Amene akukupempha kusaina wavala jekete loyela lomwe lija la amene anali kukucilitsa dzulo. Dzulo anali ndi colinga cimodzi, iwe. Lelo ali ndi ziwili, iwe ndi yankho limene akufuna. Kumbuyo kwake kuli kampani imene yaika ndalama zambili. Ngakhale akhale munthu wabwino bwanji, akutumikila mabwana awili.

Mbili nayonso imapatsa otsutsa mphamvu. Ku Tuskegee, m'boma la Alabama, kuyambila 1932 mpaka 1972, boma la America linatsatila amuna akuda 399 odwala cindoko pofuna kuona mmene matendawo amaonongela thupi. Sanawauze zoona, ndipo penicillin itapezeka sanawapatse. Madokotala a Nazi atazengedwa milandu, mu 1947 panalembedwa malamulo a Nuremberg, amene mfundo yake yoyamba ndi yakuti munthu avomele mwa kufuna kwake. Conco agogo m'komboni akamakayikila anthu obwela kudzatenga magazi, tisafulumile kuwaseka. Mphekesela za usatana n'zabodza, koma mantha akuti munthu wosauka angagwilitsidwe nchito popanda kuuzidwa ali ndi maziko.

Pali mtengo winanso umene sukambidwa kawili-kawili: nthawi. Kulowa m'mayeso kumatanthauza maulendo a ku cipatala, singano, kudulidwa timinofu topima, kusanza, kufooka. Kwa munthu wotsala ndi miyezi itatu, mlungu uliwonse wa m'wodi ndi mlungu umene sakhala ndi ana ake.

Komabe, kukaniza si cifundo

Zonsezi n'zoona, koma tiyeni tione kumene zikutifikitsa. Ngati tinena kuti munthu amene ali pafupi kufa sangasankhe bwino, ndiye kuti tamulanda cinthu cotsiliza cimene ali naco. Timamulola kugawa katundu wake, kukana opaleshoni, kusankha kokaikidwa. N'cifukwa ciani pa nkhani iyi yokha tizimuona monga mwana? Mantha amapanikiza munthu, inde, koma samucotsela nzelu. Amene amakakamiza si dokotala, ndi matenda. Colakwa cimayamba pamene wina agwilitsa nchito kupanikizikako monga nyambo.

Ndiponso ciyembekezo si umbuli. Munthu angathe kudziwa bwino-bwino kuti mwayi ndi wocepa n'kusankhabe kuyesa, monga mlimi amene amabzala caka ca mvula yokayikitsa. Kusiyana kuli apa: wina akuti "ndidziwa kuti mwina sizindithandiza, koma ndifuna kuyesa," pamene wina akuti "adokotala sangandipatse cinthu cosacilitsa." Woyambayo wasankha. Waciwiliyo wanamizidwa, ngakhale kuti palibe amene wamuuza bodza mwacindunji. Nchito ya dokotala si kuzima ciyembekezo, koma kuonetsetsa kuti caima pa zoona.

Tiyenelanso kuwelenga amene amafa ngati palibe coyesedwa. Iwo saoneka pa nyuzipepala cifukwa palibe amene anawalakwila, koma manda awo ndi eni-eni. Zambia ili ndi umboni wake. Pa UTH, Pulofesa Chifumbe Chintu ndi anzake a kuno ndi a ku Britain anayesa piritsi lochipa la Septrin pa ana okhala ndi HIV. Imfa zinacepa ndi 43 pelesenti, moti mayesowo anaimitsidwa msanga mu 2003 kuti ana onse alandile piritsilo, ndipo malangizo a WHO anasintha. Ana a m'maiko ambili ali moyo cifukwa makolo a mu Lusaka anavomela. Uyu sanali khansa, koma mfundo ndi imodzi: cidziwitso ca zamankhwala cimagulidwa ndi matupi a anthu ovomela.

Pamene maele agwela m'bale wako

Pali nkhani ina imene imavutitsa ngakhale ocilikiza mayeso. Pafupi-fupi theka la odwala khansa ya pakhungu yochedwa melanoma ali ndi vuto pa puloteni ya BRAF. Mankhwala olunjika ochedwa PLX4032 atayesedwa koyamba, zotupa zinacepa mwa odwala 26 pa 32, cinthu cimene madokotala anali asanaonepo pa matendawa. Koma kucepa kwa cotupa si umboni wakuti munthu adzakhala nthawi yaitali. Conco panakonzedwa mayeso aakulu: kompyuta icite maele, theka lilandile mankhwala atsopano, theka lilandile kemo yakale ya dacarbazine imene aliyense anali kudziwa kuti imathandiza ocepa.

Mu 2010 nyuzipepala ya New York Times inalemba za anyamata awili a ku California, pacisuweni, onse odwala melanoma yofika patali. Maele anapatsa wina mankhwala atsopano, ndipo anapeza bwino. Wina anagwela ku kemo. Anapempha kuti asinthidwe, malamulo a mayeso anakana, ndipo anamwalila.

Kodi panali cilungamo? Ocilikiza amati popanda kuyelekeza magulu awili, dziko likanagula mankhwala odula osadziwa ngati amatalikitsa moyo, ndipo zacitikapo kuti mankhwala ooneka odabwitsa poyamba anapezeka opanda phindu. Ngakhale awa, amene pambuyo pake anachedwa vemurafenib, mwa odwala ambili khansa inali kupeza njila yozembela pakapita miyezi. Koma maele amakhala acilungamo pokhapo ngati madokotala moona mtima sadziwa kuti cabwino ndi citi. Dokotala amene mumtima akuti "akanakhala mwana wanga ndikanafuna atsopanowa" sakukayikanso, ndipo akupempha wodwala kulipila ndi moyo wake umboni umene ena akufuna. Kuciyambi kwa 2011 zotulukapo zitaonekelatu, a gulu la kemo analoledwa kusintha. Kwa ena cilolezoco cinabwela mocedwa. Phunzilo n'lakuti kuvomela kwa wodwala sikumasula ofufuza ku udindo wawo. Ayenela kukonza mayeso m'njila yofuna nsembe yocepa kwambili, ndi kuimitsa msanga yankho likaoneka.

Mphatso ndi ngongole

Tikacotsa zonse, munthu wolowa m'gawo loyamba ndi wopatsa. Si wopempha-pempha amene wacitilidwa cifundo, ndiponso si khoswe wa mu labu. Akupeleka masiku ake otsala kuti amene adzadwala pambuyo pake apeze cimene iye sanapeze. Mphatso imakhala mphatso ngati wopeleka akudziwa cimene akupeleka. Cimene watenga kwa munthu wosadziwa, ngakhale atasaina, waba.

Akulu anati kupatsa ndi kuikiza. Nanga zimene odwala awa anaikiza, akukolola ndani? Imatinib itayamba kugulitsidwa ku America mu 2001, mtengo wake pa caka unali madola oposa 20,000. Patapita zaka 15 unali utapitilila madola 100,000, pamene piritsi linali lomwe lija. Mu 2013 khoti lalikulu la India linakana kupatsa Novartis umwini wa mtundu wina wa mankhwalawa, zimene zinalola makampani a kumeneko kupitiliza kupanga ochipa. Mu 2015 WHO inaika imatinib pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambili. Bungwe la Max Foundation limafikitsa mankhwalawa kwaulele kwa odwala a m'maiko osauka. Izi n'zabwino, koma zionetsanso kutalika kwa mtunda pakati pa kupezeka kwa mankhwala ndi kufika kwake m'manja mwa mayi wa ku Kanyama kapena Chipulukusu.

Cikalata ca Helsinki, cimene madokotala a padziko lonse analemba mu 1964 kuti citsogolele kafukufuku pa anthu, mu 2000 cinawonjezeledwa mfundo yakuti otengako mbali apitilize kupeza cithandizo cabwino cimene mayeso apeza. Ine ndiona kuti ngongoleyo ipitilila pamenepo. Wodwala sanavomele kuti athandize eni masheya, kapena odwala olemela okha. Anavomela poganizila anthu onga iye. Mankhwala akatsekeledwa kuseli kwa mtengo, colinga ca mphatso yake caponderezedwa iye atagona kale.

Kwa ife a mu Africa vutoli lili pawili. Tiopa kugwilitsidwa nchito, komanso tikusiyidwa. Mayeso ambili a mankhwala olunjika amacitikila kutali, ndipo anthu akuda amakhala ocepa mmenemo. Kupima kuti tidziwe swichi yoonongeka n'kodula. Pamene lymphoma ndi imodzi mwa khansa zimene zimagwila kwambili anthu okhala ndi HIV, kwa zaka zambili anthu amenewa sanali kuloledwa m'mayeso ambili a khansa. Yankho si kutseka citseko. Yankho ndi kucitsegula tili ndi alonda athu. Zambia ili ndi lamulo la National Health Research Act la 2013, ili ndi National Health Research Authority ndi ZAMRA. Mabungwewa afunika acinyamata ophunzila sayansi, malamulo ndi zilankhulo, otha kumasulila fomu m'Cinyanja, Cibemba kapena Citonga comveka, ndi otha kukana kampani yolemela ngati pangano lake silikamba za mawa.

Fomu ikafika pa banja lanu

M'mabanja athu kambili matenda aakulu amabisidwa kwa mwini wake. Amalume ndi azakhali amakumana panja pa wodi, amagwilizana kuti "tisawauze, angafooke," ndipo amasankha okha. Amacita zimenezi mwa cikondi. Koma pa nkhani ya mayeso, cikondi cotele cimasanduka kulanda. Banja lilangize, lipemphele, lipelekeze, koma thupi limene lidzamva ululu ndi la mmodzi, ndipo mawu otsiliza akhale ake. Momwemonso, tisakakamize amayi athu kupitiliza nkhondo cifukwa ife sitinakonzeke kuwataya. Amene wasankha kubwelela kunyumba, kulandila mankhwala ocepetsa ululu ndi kukhala pakati pa adzukulu sanagonje. Mphatso yokakamiza ndi msonkho.

Tsiku lina, mayeso otele akadzaculuka kuno, wina wa inu adzakhala pambali pa bedi atagwila fomu. Mudzafunse mafunso awa mopanda manyazi. Kodi colinga ca mayesowa ndi kucilitsa kapena kupeza mlingo? Ndi anthu angati amwapo kale, ndipo cinawacitikila n'ciani? Tikakana, cithandizo cina cilipo n'citi? Tikafuna kuleka pakati, cisamalilo cidzapitiliza? Akavulala, adzalipila ndani? Mankhwalawa akagwila nchito, adzapitiliza kulandila mayeso akatha? Nanga anthu a kuno adzawagula pa mtengo wanji?

Wofufuza woona mtima adzakhala pansi n'kuyankha limodzi-limodzi, ndipo pena adzati "sitidziwa." Ameneyo mungamukhulupilile. Amene akufulumiza siginecha n'kumalonjeza kucila, m'bwezeleni colembela cake.